Gumbwa ndi stingray ya mu Mekong: zikutheka bwanji kuti china chili pangozi pomwe china akuti chili bwinobwino?

Mu June 2022 munatuluka nkhani ija inazungulira kwambiri pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, ya chinsomba chomwe msodzi wina anakola ndi mbedza mumtsinje wa Mekong, m'chigawo cha Stung Treng kumpoto chakum'mawa kwa Cambodia. Chinali chaphwatalala, chozungulira, cha mchira wautali ngati chikwapu, ndipo atachiyika pa sikelo chinalemera makilogalamu 300, kutalika kuchokera kumphuno mpaka kunsonga ya mchira pafupifupi mamita 4. A Guinness World Records anavomereza kuti iyi ndiye nsomba yaikulu kuposa zonse za m'madzi opanda mchere zomwe zinayezedwapo, inaposa chimlamba cha mu Mekong momwemo cha makilogalamu 293 chomwe anachigwira ku Thailand mu 2005. Nsombayi ndi stingray, ndipo nkhani zonse zinkathera pa mawu amodzi akuti ndi Endangered, kutanthauza kuti mtundu wake uli pangozi yoti ukhoza kutheratu.

Kwinaku timamvanso kuti madambo akutha padziko lonse, lipoti la 2018 la bungwe loteteza madambo la Ramsar linati pakati pa 1970 ndi 2015 dziko linataya pafupifupi 35 peresenti ya madambo ndi malo ena achinyontho. Nde munthu ungaganize kuti zomera za m'madambo nazonso zili pa mndandanda womwewo wa zapangozi eti. Koma mukakafufuza gumbwa, yemwe uja wa ku Elephant Marsh ndi m'mbali mwa Shire, mupeza alembapo Least Concern, gulu la zomwe akuti sizikudetsa nkhawa kwenikweni. Zonse ziwiri zimadalira madzi omwe anthu tikuwasokoneza, koma china achiyika pangozi china ayi. Kuti izi zimveke tifunika kumasula zinthu ziwiri zomwe zimalembedwa pamodzi koma zikuyankha mafunso osiyana, choyamba ndi kagawidwe ka zamoyo m'magulu, chachiwiri ndi kayezedwe ka ngozi.

Kugawa zamoyo m'magulu ndi chani kwenikweni

Asayansi amati taxonomy, ndipo ntchito yake ndi kupatsa chamoyo chilichonse dzina limodzi lomwe aliyense padziko angaligwiritse ntchito, kenako n'kuchiyika pamalo pake pakati pa abale ake. Njira yomwe ikugwira ntchito lero inakhazikika ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden, yemwe mu 1753 anatulutsa buku la zomera lotchedwa Species Plantarum, ndipo mayina a nyama amawerengedwa kuyambira pa buku lake lina la 1758. Iye ndi amene anazika chizolowezi cha mayina awiri, loyamba la kagulu ka abale apafupi komwe amati genus, lachiwiri la mtundu weniweniwo, species. Mu nkhani ino ndikamati mtundu ndikutanthauza species imeneyi.

Zili ngati momwe munthu amadzifotokozera akafika kudera lachilendo, amayamba ndi dzina lake, kenako la bambo ake, kenako mfunda, mpaka wina mwa omverawo anene kuti aa ndiye ndife amodzi. Zamoyo nazo zimakwera choncho, mtundu umalowa mu genus, ma genus angapo amapanga banja, mabanja amapanga order, kenako kalasi, phylum, mpaka pamwamba penipeni pa ufumu, pomwe pali ufumu wa zomera ndi ufumu wa nyama ndi ena. Nthawi ya Linnaeus ankangoona maonekedwe, kuwerenga tizigawo ta duwa, kuona mano ndi zipsepse. Kuchokera pomwe Darwin anatulutsa maganizo ake mu 1859 magulu aja anayamba kuonedwa ngati mzere wobadwira, ndipo masiku ano DNA ndi yomwe ikugamula milandu yambiri, n'chifukwa chake mayina akusinthasintha kuposa kale.

Gumbwa ndi stingray zimasiyana pamwamba penipeni, wina ku zomera ina ku nyama, ndipo kholo lomwe zingagawane linali kachamoyo ka selo imodzi zaka zoposa 1 biliyoni zapitazo. Nde pa nkhani ya ubale palibe chofananitsa. Funso lomwe akatswiri sanagwirizanebe mpaka lero ndi loti mtundu umodzi umathera pati kuti wina uyambe, pali matanthauzo angapo omwe amapikisana, ndipo muona kutsogoloku kuti funso limeneli si la m'kalasi chabe.

Malo a gumbwa

Dzina lake ndi Cyperus papyrus, ndipo analitcha ndi Linnaeus yemweyo mu 1753, mpaka pano silinasinthe. Ali m'banja la Cyperaceae lomwe lili ndi mitundu pafupifupi 5,500. Ambiri timangoti gumbwa ndi udzu kapena ndi m'bale wake wa bango, koma bango ali m'banja lina, la Poaceae, limodzi ndi chimanga, mpunga, nzimbe ndi nsungwi. Mabanja awiriwa amakumana pa order yotchedwa Poales, ndiye ubale ulipo koma ndi wapatali ndithu. M'bale weniweni wa gumbwa ndi dawe, kaudzu kovuta kaja ka kudimba komwe ukapalira lero mawa katulukanso chifukwa cha timizu take ta pansi, nayenso ndi Cyperus.

Kusiyanitsa n'kosavuta mukakhala nazo m'manja. Bango ndi wozungulira, ali ndi mfundo, ndipo mkati ndi mphako. Gumbwa mukamuzunguza pakati pa zala mumamva ngodya zitatu, alibe mfundo kuchokera pansi mpaka pamwamba, ndipo mukamudula mkati mwadzaza zoyera zofewa ngati siponji. Pamwamba pake pali chingayaye cha tinthambi tating'ono tambirimbiri, ndipo amatha kutalika mamita 4 kapena 5. Zoyera zamkati zija ndi zomwe Aiguputo akale ankasenga tizidutswa topyapyala, kuyala ena chotalika ena chopingasa, kutsindira mpaka zigwirane zokha, n'kukhala pepala. Mapepala akale kwambiri olembedwa omwe anapezeka, ku Wadi al-Jarf m'mbali mwa Nyanja Yofiira, ali ndi zaka pafupifupi 4,500. Ndi gumbwa yemweyu amene timamumva m'nkhani ya kabokosi ka Mose.

Chofunika kwambiri pa nkhani yathu ino ndi momwe amachulukira. Gumbwa ali ndi zitsinde zoyenda pansi zomwe zimalukana n'kupanga chiphasa chokhuthala, pena chimazika m'matope pena chimangoyandama pamadzi, ndipo mphukira zatsopano zimangotuluka kuchokera pamenepo. Mukadula chaka chisanathe wameranso, chigawo chikathothoka n'kutengedwa ndi madzi chimakamera kwina, kuphatikiza apo ali ndi njere. Ndipo wafalikira kwambiri, ku Sudd ku South Sudan, m'mbali mwa nyanja ya Victoria, ku Okavango ku Botswana, ku Bangweulu ku Zambia, kuno ku Shire, mpaka ku Madagascar.

Malo a stingray, ndi mayina ake atatu

Apa ndi pomwe nkhani imakoma. Kwa ife omwe tinazolowera chambo, usipa, kampango ndi mlamba, stingray ndi nsomba yachilendo, mu nyanja ya Malawi mulibe, oidziwa ndi omwe anafikako ku gombe la Mozambique komwe abale ake a m'madzi amchere amapezeka. Ili m'kalasi ya Chondrichthyes limodzi ndi ma shaki, nsomba zomwe zilibe mafupa olimba, m'malo mwake zili ndi zofewa ngati zija za m'khutu ndi kunsonga ya mphuno yanu. Mzere umenewu unapatukana ndi wa nsomba za mafupa zaka zoposa 400 miliyoni zapitazo, moti potengera kubadwa chambo chili pafupi ndi munthu kuposa momwe chilili ndi stingray, ngakhale zonse timaziti nsomba. Order yake ndi Myliobatiformes, banja ndi Dasyatidae.

Thupi lake lonse ndi la moyo wa pansi pa madzi. Maso ali pamwamba, kamwa lili kumimba, kuseri kwa maso kuli mabowo awiri omwe imakokera madzi opumira kuti isamameze mchenga ikakwiririka. Chakudya sichiona ndi maso, ili ndi timabowo tating'ono pakhungu tomwe timamva magetsi ochepa otuluka m'thupi la nkhanu, nkhono ndi tinsomba tobisala m'matope. Pamchira pali munga wa mano ngati sowo, wokhala ndi ululu, womwe pa mtundu uwu umatha kufika masentimita 38, koma ndi wodzitetezera, sisakira nawo.

Tsono dzina. Woyamba kuilemba anali Pieter Bleeker, dokotala wa ku Netherlands yemwe ankagwira ntchito ku Java, mu 1852, ndipo anali ndi kamwana chabe kochokera ku Jakarta, anakatcha Trygon polylepis. Zimene analembazo zinaiwalika. Mu 1990 akatswiri awiri, Supap Monkolprasit ndi Tyson Roberts, anafotokoza chinsomba chachikulu cha mu mitsinje ya Thailand ngati mtundu watsopano n'kuchitcha Himantura chaophraya, kutengera mtsinje wa Chao Phraya womwe umadutsa mu Bangkok. Dzina limeneli linayenda zaka zambiri, mpaka mu 2008 pomwe Peter Last ndi Mabel Manjaji-Matsumoto anafananiza zonse n'kuona kuti ndi nsomba yomwe ija ya Bleeker, ndipo lamulo la mayina limati dzina loyamba ndi lomwe limapambana, ndiye inakhala Himantura polylepis. Kenako mu 2016 banja lonse la Dasyatidae linasanjidwanso potengera DNA ndipo inasamutsidwira mu genus ina, lero ndi Urogymnus polylepis. Nde mukamawerenga nkhani zakale n'kuona mayina osiyanasiyanawa musaganize kuti ndi nsomba zitatu.

Koma mu 2008 momwemo munachitikanso china chachikulu kuposa kusintha dzina. Stingray za mu mitsinje ya kumpoto kwa Australia, zomwe poyamba zinkawerengedwa ngati mtundu womwewu, anazipatula n'kukhala mtundu pawokha, dalyensis, kutengera mtsinje wa Daly. Mitsinje ya kumeneko ili ndi anthu ochepa komanso usodzi wochepa poyerekeza ndi ya ku Asia. Taganizani tsono, dzulo mumawerenga nsomba za ku Thailand, Cambodia, Borneo ndi Australia ngati gulu limodzi, lero za ku Australia zachoka, ndiye kuti mtundu wotsalawo dera lake lachepa ndipo mbali yomwe inali pabwino yachokamo, palibe nsomba ngakhale imodzi yomwe yafa tsiku limenelo koma chithunzi cha ngozi chasintha. Apa ndi pomwe kagawidwe ka magulu kamakhudzana ndi kasamalidwe, munthu sungayeze ngozi ya chinthu usanagwirizane kuti chinthucho n'chiti. Ndipo funso likadalipo ngati za ku Borneo, za ku Sumatra ndi za mu Mekong zilidi mtundu umodzi wosakanikirana kapena ndi magulu omwe anasiyana kalekale.

Red List ndi kayezedwe ka ngozi

Mawu aja akuti Endangered ndi Least Concern mwini wake ndi bungwe la IUCN, loona za kasamalidwe ka zachilengedwe padziko lonse, lomwe linakhazikitsidwa mu 1948 ku Fontainebleau ku France ndipo likulu lake lili ku Gland ku Switzerland. Mndandanda wake wotchedwa Red List unayamba mu 1964. Zaka zoyambirira zinkadalira kwambiri maganizo a akatswiri, wina akati nyama iyi ikusowa basi inkalembedwa, ndiye panali madandaulo oti sizikuyenda mofanana. Mu 1994 anabweretsa miyezo ya manambala, ndipo yomwe ikugwira ntchito pano inakhazikitsidwa mu 2001.

Magulu alipo 9. Kumapeto kuli Extinct, zomwe zinatheratu, ndi Extinct in the Wild, zomwe zatsala m'manja mwa anthu mokha. Kenako atatu omwe onse pamodzi amatchedwa apangozi, Critically Endangered pamwamba, Endangered pakati, Vulnerable pansi. Pansi pa amenewa pali Near Threatened, zomwe zatsala pang'ono kulowa, kenako Least Concern. Awiri otsalawo ndi omwe anthu amawasokoneza kwambiri, Data Deficient ndi zomwe anaziunika koma umboni unaperewera, Not Evaluated ndi zomwe sanaziyambe n'komwe, ndipo onse awiri sakutanthauza kuti chinthucho chili bwino. Kuti muone kulemera kwa magulu amenewa, mkungudza wa ku Mulanje uli pa Critically Endangered, ndipo mu 2018 chambo cha mtundu wa Oreochromis karongae chinayikidwanso pomwepo.

Mwina mwadabwa kale, chambo chomwe chikugulitsidwabe pamsika chingakhale bwanji pa gulu lapamwamba chonchi? Apa ndi pomwe ambiri timaphonya. Red List siyimangofunsa kuti zatsala zingati, imafunsanso kuti zikutsika mwachangu bwanji. Amayi omwe amapita ndi ana kusikelo akudziwa izi, a zaumoyo sayang'ana kulemera kwa lero kokha, amayang'ana mzere wa pa kadi kuti ukulowera kuti, mwana wooneka wonenepa koma mzere wake ukutsika mwezi ndi mwezi amawadetsa nkhawa kuposa wochepa thupi yemwe mzere wake ukukwera. Muyezo woyamba wa Red List ndi womwewo. Ngati zomwe zikuchititsa sizinathe, kutsika kwa 30 peresenti kumayika mtundu pa Vulnerable, 50 peresenti pa Endangered, 80 peresenti pa Critically Endangered, ndipo amayeza pa zaka 10 kapena pa mibadwo itatu ya chamoyocho, kutengera chomwe chili chachitali. Miyezo ina imaona kuchepa kwa dera, mwachitsanzo pa Endangered ndi dera losafika ma sikweya kilomita 5,000 lomwe likuphwanyikaphwanyika ndi kucheperachepera, ina imaona chiwerengero chenicheni, monga zazikulu zobereka zosafika 250 pa Endangered pomwepo. Muyezo umodzi wokha ukakwana basi mtunduwo walowa.

Mawu oti mibadwo itatu musawadumphe. Kwa nsomba yochedwa kukula ngati stingray mibadwo itatu ndi zaka makumi angapo, ndiye oyeza amayenera kuyang'ana mmbuyo kutali, nthawi yomwe kunalibe wowerenga. Amadalira zolemba za m'misika ya nsomba, kuchuluka kwa maukonde, kusintha kwa mtsinje, ndi zomwe asodzi achikulire akukumbukira. Malamulo a IUCN amalola umboni woterewu bola ulembedwe poyera kuti ndi woyerekeza. Ena amati izi zimapangitsa manambala kukhala ofooka, ena amati kudikira umboni wangwiro ndi kudikira mpaka nsomba itatha, ndipo mkangano umenewu sunathe.

Chifukwa chake zinagwera magulu osiyana

Tikayika ziwirizi pa muyezo womwewo zimasiyana pa zinthu ziwiri basi, kukula kwa dera ndi liwiro la kuberekana. Gumbwa tanena kale, ali m'maiko ambiri a mu Africa ndipo amabwerera msanga, ndiye ngakhale dambo lina litaumitsidwa, chiwerengero cha dziko lonse sichifika pa 30 peresenti ija ndipo palibe amene angati mtunduwo watsala pang'ono kuzimiririka.

Stingray ya mu Mekong siyikira mazira. Ana amakulira m'mimba, poyamba amadya yolk, chachikasu chija cha m'dzira lawo, kenako mayi amawapatsa madzi onona ngati mkaka kuchokera m'chiberekero, ndipo amabadwa ali athunthu, otambalala pafupifupi masentimita 30, mmodzi mpaka anayi pa nthawi imodzi. Kuti yaikazi ifike pobereka pamatenga zaka. Ndiye yaikazi yaikulu imodzi ikafa mu ukonde, zomwe zatayika si nsomba imodzi, ndi ana onse omwe ikanabereka pa zaka zambiri, ndipo palibe njira yachidule yobwezera. Asodzi ambiri sayifuna dala, imangokodwa pa mbedza ndi maukonde otchera nsomba zina, koma kwa nsomba yobereka pang'ono chonchi ngakhale kukodwa mwangozi n'kokwanira kuitsitsa.

Pamwamba pa izo mitsinje yake ndi yotanganidwa kwambiri. Chao Phraya ndi Mae Klong zimadutsa m'mizinda, m'mafakitale ndi m'minda, ndipo mu 2016 stingray zazikulu makumi angapo zinapezeka zitafa mu Mae Klong nthawi imodzi, zomwe akatswiri anazilumikiza ndi kuipitsidwa kwa madzi. Mu Mekong muli madamu a magetsi, la Xayaburi ku Laos linayamba ntchito mu 2019, la Don Sahong lomwe lili pafupi ndi malire a Cambodia mu 2020, kumtunda pang'ono kwa komwe chinsomba chija chinagwidwa. Madamu amasintha kayendedwe ka madzi, amatsekereza mchenga ndi matope, amadula njira za nsomba zomwe zina zimadya. Mbali inayo maiko amenewa akufuna magetsi ndi ndalama, ndipo zimenezo si zabodza, ife omwe magetsi athu ambiri amachokera mu Shire tikudziwa kuti nkhani ya damu siyophweka.

Ndipo si yokha. Kafukufuku wamkulu wa 2021 wotsogozedwa ndi Nicholas Dulvy anaunika mitundu 1,199 ya ma shaki, ma ray (gulu lomwe stingray ilimo) ndi abale awo n'kupeza kuti pafupifupi gawo limodzi mwa atatu lili pangozi, ma ray ndi omwe ali pamavuto kwambiri, ndipo chifukwa chachikulu ndi usodzi wopyola muyezo. Mu December 2023 IUCN inalengeza kuti ka ray kena kakang'ono ka ku Java, Urolophus javanicus, kanatheratu. Kameneka kanaonedwa ndi asayansi kamodzi kokha, pamsika wa nsomba ku Jakarta mu 1862, mzinda womwe uja Bleeker anapezako kamwana ka stingray yathuyi zaka 10 mmbuyo mwake.

Ija ya makilogalamu 300 sinafe. Msodziyo anaimbira gulu la Wonders of the Mekong lomwe amatsogolera Zeb Hogan wa ku University of Nevada, Reno, anaiyeza, anaiyika kachipangizo kotumiza zizindikiro kuti aziilondola, anamulipira msodziyo mtengo womwe akanapeza pamsika, n'kuibwezera m'madzi. Inali yaikazi, anaitcha Boramy. Zomwe kachipangizo kaja kanaonetsa ndi zoti sinkayenda kutali, inkakhala m'kachigawo kakang'ono ka mtsinje momwe muli maiwe akuya. Izi zili ndi mbali ziwiri, ndi nkhani yabwino chifukwa kuteteza maiwe ochepa kungathandize kwambiri, komanso ndi yoopsa chifukwa maiwe amenewo akawonongeka ilibe kothawira.

Least Concern sikutanthauza kuti dambo lili bwino

Ine mbali iyi ndi yomwe ndimafuna anthu aimvetse kwambiri, chifukwa ndi yomwe imatikhudza kuno. Gulu la pa Red List likunena za mtundu wonse padziko lonse, silikunena za dambo la kwanu. Gumbwa yemweyu amene ali pa Least Concern anazimiririka pafupifupi kwathunthu ku Egypt, dziko lomwe linamutchukitsa, madambo a mu Nile atasanduka minda ndi ngalande, moti kagulu kakang'ono komwe kanapezeka ku Wadi El Natrun chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kanali nkhani kwa akatswiri a zomera. Ku Israel dambo la Hula linaumitsidwa m'zaka za m'ma 1950 ndipo gumbwa anatsala m'kadera kochepa kotetezedwa. Ku nyanja ya Naivasha ku Kenya lamba wa gumbwa yemwe ankazungulira nyanjayo n'kumasefa madzi olowa anachepa kwambiri. Zonsezi ndi zoona, ndipo Least Concern ndi yoonanso, chifukwa ku Sudd ndi ku Okavango akadali wochuluka.

Chinanso, chomera chikhoza kukhala chotetezeka koma zomwe zimakhala mwa icho zili pangozi. Mbalame ya shoebill, ija ya chimlomo chachikulu yomwe alendo amapita kukaiona ku Bangweulu, ili pa Vulnerable. Kuzungulira nyanja ya Victoria kuli mbalame zomwe sizikhala kwina kulikonse koma mu gumbwa, monga papyrus gonolek ndi papyrus yellow warbler, ndipo izi zimayamba kuvutika gumbwa asanathe n'komwe, dambo likangoduka tizigawo ting'onoting'ono. Anthu nawonso ali momwemo, oluka mphasa, ofolera nyumba, asodzi omwe nsomba zawo zimaswana m'mizu yake, ndi onse akumunsi omwe dambo limawagwirira madzi osefukira.

Chifukwa cha mpata umenewu pali zida zina. Maiko amatha kupanga mindandanda yawoyawo ndi miyezo yomweyo, ndiye chomera chikhoza kukhala Least Concern padziko koma chapangozi m'dziko limodzi. Mu 2014 IUCN inavomereza mndandanda wina woyeza malo enieniwo osati mitundu, Red List of Ecosystems. Palinso pangano la Ramsar la 1971, lomwe linasainidwa mumzinda wa dzina lomwelo ku Iran, loteteza madambo ndi malo amadzi. Apa ndi pomwe ziwiri zathu zija zimakumana, Elephant Marsh pakati pa Chikwawa ndi Nsanje inalowa pa mndandanda wa Ramsar mu 2017, nyanja ya Chilwa inalowa kale m'zaka za m'ma 1990, ndipo chigawo cha Mekong kumpoto kwa tauni ya Stung Treng chinalowa mu 1999.

Zomwe zikadali poyera

Red List si lamulo. IUCN ilibe apolisi, siyingamange munthu kapena kuimitsa damu, imangonena momwe zinthu zilili, ndipo zoletsa zimachokera ku malamulo a dziko lililonse ndi mapangano monga CITES yomwe imayang'anira malonda odutsa malire. Kulembedwa pa Ramsar nakonso sikutseka dambo, pangano lake limanena za kugwiritsa ntchito mwanzeru, ndipo mwanzeru mwake ndi pomwe anthu amasiyana. Wolima dimba ku Elephant Marsh chaka cha chilala ndi katswiri wa mbalame onse akhoza kunena zoona koma osagwirizana kuti bango ndi gumbwa atenthedwe mpaka pati.

Mndandandawo pawokha uli ndi mipata. Mitundu yomwe yaunikidwa yadutsa 160,000, koma yomwe ili ndi mayina a sayansi ndi pafupifupi 2 miliyoni. Ma shaki ndi ma ray onse odziwika anaunikidwa, mbalame ndi nyama zoyamwitsa chimodzimodzi, koma zomera zambiri sizinafikiridwe, ndiye kufananiza kuti nsomba zili pangozi kuposa zomera za m'madambo kumafuna kusamala, mbali imodzi yawerengedwa yonse ina ayi. Kuunika kukadutsa zaka 10 kumaonedwa kuti kwakalamba, ndipo ndalama zobwerezera sizikwana.

Pa stingray akatswiri akufufuzabe kuti imaberekera pati, imakhala zaka zingati, ngati za mu Mekong zimatsikira kumadzi amchere kapena moyo wonse zimathera mumtsinje, komanso ngati njira yolipira asodzi kuti azibweza nsomba ingapitirire ndalama za mapulojekiti zikatha. Cambodia inalengeza mu 2020 kuti iyimitsa kumanga madamu pa Mekong weniweniyo kwa zaka 10, ndiye funso ndi loti 2030 ikafika chidzachitike n'chiyani ku maiwe aja a ku Stung Treng. Pa gumbwa funso ndi la mtundu wina, ngati chomera chomwe dambo lonse latsamirapo chiyenera kuyezedwa ndi muyezo wa kutheratu padziko, kapena pafunika muyezo woona kuti chikugwirabe ntchito yake pamalo pomwe chili. IUCN inayambitsa njira yotere mu 2021, yotchedwa Green Status of Species, koma mitundu yomwe yayezedwa nayo ikadali yochepa kwambiri.